Ntchito ya mapurosesa 64 ikakhala pamzere osayamba

Mwa maimelo a sabata ino muli ya wophunzira wina amene ntchito yake yofuna mapurosesa 64 yangokhala pamzere wa Slurm, pulogalamu yogawa ntchito za anthu ambiri pa gulu la makompyuta olumikizana, pomwe tintchito ta anzake tobwera pambuyo tikulowa. Akufunsa ngati pali kukondera.

Palibe kukondera, achimwene. Pulogalamu ya MPI (yogawa ntchito imodzi pa mapurosesa ambiri) siyamba ndi theka la mapurosesa. Onse ayenera kupezeka nthawi imodzi chifukwa amatumizirana mauthenga, ndipo imodzi ikatsalira, enawo amangodikira. John Ousterhout analemba za vutoli kale mu 1982. Zili ngati banja la anthu khumi lofuna kukwera minibasi imodzi: oyenda okhaokha amalowa pamipando yotsala, banjalo lili chiimire pasiteji. Njira yolowetsa tintchito m'mipata imatchedwa backfill, ndipo inatchuka ndi EASY, pulogalamu yogawa ntchito ya David Lifka wa ku labu ya Argonne ku America, mu 1995. Kantchito kakang'ono kamaloledwa kudumpha mzere pokhapokha ngati sikachedwetsa ntchito yaikulu imene yasungiridwa malo.

Komatu funso lanu landikwiyitsanso pokumbukira labu ina komwe ndinkagwira ntchito. Kunali bambo wina amene ntchito iliyonse ankalembapo --time=7-00:00:00 (kutanthauza kupempha masiku asanu ndi awiri), ngakhale yotha maola awiri, ati kuopa kuti ingadulidwe. Ankatenganso node yonse, kutanthauza kompyuta imodzi yathunthu ya mapurosesa ambiri. Tsiku lina tinatsegula htop, pulogalamu yoonetsa kamzere ka ntchito ya purosesa iliyonse, pa node imeneyo: kamzere kamodzi kodzaza mpaka kumapeto, tina tonse zii. Pulogalamu yake ya Python inkagwiritsa ntchito purosesa imodzi basi! Kumbaliku ana a masters akugona mu labu, masiku opereka thesis atayandikira. Ena amati n'kusadziwa. Ine ndimati ndi umbombo, ndipo oyang'anira makina osadzudzula khalidweli nawonso ndi olakwa. Magetsi oziziritsira makinawo amalipiridwabe ngakhale mapurosesa akungokhala. Chomvetsa chisoni, bamboyo ankadzipwetekanso yekha, chifukwa ntchito yonena kuti itenga sabata yathunthu silowa mumpata wa maola atatu.

Zoti muchite

Lembani squeue --start muone nthawi imene Slurm ikuganiza kuti muyamba. Onani ndi sacct kuti ntchito zanu zakale zinatenga nthawi yaitali bwanji, muonjezerepo pang'ono, ndiye --time yanu imeneyo. Yesaninso mapurosesa 16 ndi 32. Gene Amdahl anasonyeza mu 1967 kuti gawo la pulogalamu losagawika limaika malire pa liwiro, choncho mwina 32 akukwanirani, n'kuyamba lero lomwe.