Kodi sola ingakwanire kutchajira foni paulendo wa panjinga wa m'mbali mwa nyanja?

Wowerenga wina wanditumizira imelo yofotokoza kuti akukonzekera kupalasa njinga m'mwezi wa Julayi kuchokera ku Salima, kudzera ku Nkhotakota ndi ku Dwangwa mpaka ku Nkhata Bay, ndipo akufunsa ngati sola yomangirira pakaliyala ingamukwanire kutchajira foni ndi tochi masiku onse a ulendowo.

Yankho langa kwa inu ndi lakuti chodalira chenicheni paulendowu chikhale power bank (batire lonyamula m'manja losungira moto wotchajira foni), ndipo sola ikhale yongothandizira. Power bank yolembedwa 20,000 mAh imasunga moto wokwana pafupifupi 74 Wh (mAh ndi Wh ndi miyezo ya kuchuluka kwa moto wa m'batire), koma gawo lina limatayika potchaja, motero foni yokhala ndi batire la 5,000 mAh imadzaza kawiri kapena katatu basi. Kwa munthu amene amazimitsa intaneti masana ndipo anasungiratu mapu mufoni, umenewu ndi moto wa masiku angapo, ndipo pamsewu wa M5 umene mudzatsate simungayende masiku ochuluka chotero osapeza malo ogona okhala ndi magetsi kapena kashopu kotchajitsa mafoni. Nyamulani tchaja yothamanga, chifukwa magetsi amatha kuzima usiku power bank isanadzaze.

Za sola pali mfundo imodzi imene ndikufuna muiganizire bwino. Dziko lathu lili kumwera kwa equator, choncho m'miyezi ya Juni ndi Julayi dzuwa la masana limapendekera chakumpoto. Inu mudzakhala mukulowera kumpoto komweko, kutanthauza kuti nthawi imene dzuwa lili paliwombo, mthunzi wa msana wanu udzagwera pakaliyala pomwe mwayala solayo. Sola zopinda zimafooka kwambiri ngakhale mbali yochepa chabe ikaphimbika, ndiponso imene yalembedwa 20 W siifika pamlingo umenewo ikakhala panjinga yogwedezeka ndi yafumbi. Nthawi imene idzakugwirireni ntchito yooneka ndi pamene mwaima kuti mudye nkhomaliro: iyaleni pansi moyang'ana kumpoto, ipukuteni fumbi, ndipo muisiye kwa maola awiri inu mukupuma pamthunzi.

Musalumikize foni mwachindunji ku sola. Mukadutsa pansi pa mitengo moto umadukaduka, ndipo mafoni ena amasiya kutchaja kapena amangoyatsa sikirini mobwerezabwereza mpaka kutha moto wochuluka kuposa umene alandira. Sola idzaze power bank masana, kenako power bank idzaze foni ndi tochi usiku. Chinanso chimene ndimadandaula nacho ndikaona anthu akuchita ndi kusiya power bank padzuwa pambali pa sola, pomwe kutentha kumawononga mabatire a lithium msanga, makamaka kunyanja kumene kumatentha. Gulani chingwe chachitali kuti power bank izikhala m'chikwama, yokulungidwa m'nsalu, ndipo munyamulenso chingwe chachiwiri chifukwa zingwe ndizo zimayamba kuduka ndi kugwedezeka kwa njinga.

Ngati ndalama zanu zikukwanira chinthu chimodzi chokha, gulani power bank yabwino m'sitolo yodalirika, popeza zambiri zotsika mtengo zimalembedwa manambala aakulu amene mkati mwake mulibe. Sola mudzaifunadi tsiku limene mudzaganize zokwera ku Nyika kudzera ku Rumphi, kumene mungathe masiku angapo osaona soketi.