Chotupa cha pansi pa khutu: bambo anga atsala ndi zaka zingati?

Mayi wina wa ku Lizulu wandilembera pa imelo. Bambo ake, a zaka 64, akhala ndi chotupa pansi pa khutu la kumanja kwa zaka zisanu ndi chimodzi, osapweteka. Chaka chino chakula mwadzidzidzi, pakamwa pakhotera mbali imodzi, diso silikutsinzina, akamwa tiyi amatayikira m'mbali. Ku Kamuzu Central awauza kuti ndi khansa ya tiziwalo totulutsa malovu. Funso lawo ndi limodzi: atsala ndi zaka zingati?

Achemwali, zaka sindingakuwerengereni, ndipo amene angakupatseni nambala asanaone pepala la ku labu akungolota. Koma zomwe madokotala amayang'ana ndikuuzani.

Tiyambe ndi pakamwapo, chifukwa ndikudziwa kumudzi ena ayamba kale kunena za sitiroko, ena za mphini. Mtsempha woyendetsa nkhope umadutsa m'kati mwenimweni mwa chiwalo cha malovu cha pansi pa khutu, chomwe achipatala amati parotid. Zotupa zambiri za pamenepa, pafupifupi zitatu mwa zinayi zilizonse, si khansa, ndipo mtsemphawo siziukhudza. Nkhope ikafooka chotupa chili pomwepo, nthawi zambiri ndiye kuti matenda agwira mtsempha. Sindikubisirani, chimenecho ndi chizindikiro cholemera. Chinanso n'chakuti chotupa chogona zaka zambiri chimatha kusanduka khansa, n'chifukwa chake sindigwirizana ndi mawu akuti “poti sichipweteka chisiyeni”.

Kukula kwake kumawerengedwanso. Chikapitirira masentimita 4, kapena anabele a m'khosi akapezeka ndi matendawa, mwayi umatsika. Ku America, komwe amalemba bwino ziwerengero, oposa 90 mwa odwala 100 alionse omwe khansa yawo inali isanachoke pamalo pake amadutsa zaka zisanu. Ikafika kutali monga m'mapapo, odutsa zaka zisanuzo sakwana theka. Manambala amenewa ndi a khamu la anthu a dziko lina, ofika kuchipatala msanga. Musawasandutse kalendala ya bambo anu.

Chomwe ndikufuna muchigwiritse ndi dzina lolembedwa pa pepala lija, pakuti khansa za malovu zilipo za mitundu yoposa 20 ndipo khalidwe lake n'losiyana. Mucoepidermoid ndiyo imapezeka kwambiri. Ikalembedwa kuti low grade, ambiri amachira ndi opareshoni yokha, koma ya high grade ndi yaukali. Acinic cell nthawi zambiri ndi yofatsa. Salivary duct ndi yothamanga. Yonyenga ndi adenoid cystic: imayenda pang'onopang'ono motsata mitsempha ngati chiswe m'phaso, munthu n'kudutsa zaka zisanu ali gwa, kenako n'kudzaonekera m'mapapo patapita zaka khumi kapena kuposa. Komabe ena amakhala nayo zaka ndithu, akulima mbatata zawo. Wa mtundu umenewu sasiya kupita kokapimidwa ngakhale akumva bwino.

Opareshoni ikachitika, mudzafunse ngati chotupa chachotsedwa chonse, m'mphepete mwake mopanda chotsalira. Yankho la funso limeneli limalemera kwambiri, ndipo limathandiza kudziwa ngati pakufunika radiotherapy, kuwotcha malowo ndi makina. Magadiyani ambiri timachita manyazi, dokotala akangoti “zayenda bwino” ife n'kuwomba m'manja basi. Funsani ndithu, ndipo muwapemphe alembe m'kabuku ka kuchipatala dzina la khansayo ndi siteji yake, kutanthauza pomwe matendawo afika, kuti a ku Ntcheu kapena ku Dedza akadzawaona asayambirenso pachiyambi.

Pakadali pano samalani disolo. Losatsinzina limauma n'kuchita chilonda, makamaka ndi mphepo ndi fumbi la pa msika wa Lizulu. Pemphani mankhwala odontheza m'maso, ndipo akuonetseni kamatidwe kake usiku pogona. Tsiku lomwe anakupatsani lobwerera ku Lilongwe musalidumphe podikira kugulitsa kabichi.