Funsani Tiyankhe: Bwanji madzi a ku Beira ndi amchere koma a ku Mangochi ayi?

FUNSO: Zikomo akonzi. Ndine mayi wa ku Ndirande, ndimagulitsa mchere ndi matimati pamsika. Bambo a kunyumba amayendetsa thiraki yopita ku Beira ndiye anabwera ndi nkhani yoti madzi a m'nyanja ya kumeneko sungamwe, ndi mchere wokhawokha. Pano mwana wanga wa sitandade 6 wandipanikiza kuti nanga bwanji ku Mangochi tinamwa bwinobwino? Komanso mcherewo amautenga bwanji m'madzimo?

YANKHO: Mayi, mwanayo musamukalipire, funso lake ndi lanzeru kwambiri. Bambo akunena zoona, m'nyanja zikuluzikulu ngati ya Indian imene ili ku Beira, lita imodzi ya madzi imakhala ndi mchere pafupifupi magalamu 35, kutanthauza kuti mutatunga ndowa ya malita 20 n'kuyisiya padzuwa mpaka iphwe, pansi patsala mchere pafupifupi magalamu 700.

Wambiri umachokera m'miyala. Mvula ikagwa imasungunula timchere pang'onopang'ono, mitsinje n'kutitengera kunyanja, ndiye dzuwa likawomba madzi amakwera kumwamba ngati nthunzi koma mchere sukwera nawo, umatsala pompo, ndipo zakhala zikutero kwa zaka mamiliyoni. Nyanja ya Malawi ili ndi potulukira, Shire amatenga madzi ku Mangochi kukathira mu Zambezi mpaka kukafika ku Indian komweko, choncho timchere sitikhalitsa. Koma muuzeni za Chilwa ku Zomba, iyo ilibe mtsinje wotuluka n'chifukwa chake madzi ake amamveka kamchere.

Za kakololedwe ndikuuzeni za chilumba cha Bali ku Indonesia, kuli mudzi wotchedwa Kusamba, inde dzina lake ndi lomwelo ngakhale silikukhudzana ndi kusamba kwathuku. Anthu kumeneko amatunga madzi a m'nyanja atapachika zotungira ziwiri pamtengo paphewa, n'kuwaza pamchenga wakuda. Dzuwa likaumitsa amapala mchenga wapamwambawo, kuuika m'bokosi lamatabwa, kuthiranso madzi a m'nyanja kuti adonthe pansi ali owawa mchere zedi. Amenewo amawathira m'mitengo ya kokonati yogobedwa ngati bwato, dzuwa n'kumaliza ntchito, mchere woyera mbee. Mvula ikayamba ntchito imaima.

Ine nditamva izi ndinakumbukira agogo anga akutcheza chidulo, phulusa m'kachitini kobooka pansi, madzi akudontha tho tho m'mbale kuti aphikire therere. Nzeru yake ndi imodzimodzi, ndipo zimandiwawa kuti ana ambiri a m'tauni muno sanazionepo. Tchezani chidulo mwanayo akuona, amvetsa msanga kuposa kumufotokozera pakamwa.

Koma poti ndinu wogulitsa ndikupempheni chinthu chimodzi. Mchere wongochokera kunyanja uli ndi ayodini wochepa kwambiri, amachita kuthiramo, ndipo thupi likamusowa ndi pamene munthu amatupa pakhosi, chithokomiro chija, komanso ana sakula bwino m'nzeru. Mukamapikula ku Limbe werengani pathumba ngati alemba kuti muli ayodini, ndipo musamausiye pamtunda padzuwa tsiku lonse chifukwa ayodiniyo amauluka. Mangani m'timapepala, wotsalawo vundikirani.