Tsiku la opaleshoni likamangosunthidwa

Achemwali, mwafunsa ngati bambo anu angawonongeke ndi kudikira, poti patha miyezi 8 akuyembekeza opaleshoni ya heniya ndipo adokotala anati si yachangu. Ine ndinakhalapo gadiyani wa malume anga pa matenda omwewa, ndiye ndinene zomwe ndinaona.

Akati si yachangu amatanthauza kuti lero moyo suli pachiswe, basi. Matendawo sakhala pansi kudikira nawo tsiku. Heniya ndi matumbo amene apeza mpata pa mnofu wofooka n'kutulukira pansi pa khungu, ndipo mpatawo sudzitseka wokha. Malume atalembedwa, chotupacho chinali ngati dzira la nkhuku, akagona chagada chinkabwerera chokha. Pofika mwezi wachisanu ndi chiwiri ankachita kuchikankha ndi dzanja, akafuna kutsokomola ayambe agwira pachinena. Khasu anasiya, njinga anaikoleka. Chaka chimenecho munda analima ndi aganyu, theka lokha.

Koma chimene chinawadya kwambiri ndi maganizo. Kawiri konse tinagonekedwa, iwo osadya chilichonse kuyambira usiku, atavala kale chovala cha kufiyeta (chipinda chochitira opaleshoni), ine ndili pakhonde ndi fulasiki ya phala. Dzuwa litapendeka namwino n'kubwera kuti pepani, mubwerenso mwezi wa mawa. Ulendo wachiwiriwo mu minibasi sanayankhule mpaka kufika. Chikwama sanamasulenso, chinangokhala kuseri kwa chitseko, ndipo foni ikalira ankadzidzimuka. Tulo tinasowa, nsima ankangoitsina. Munthu amene ankaseketsa anthu pamaliro n'kukhala wokalipira adzukulu. Muziwayang'ana bambo anu mbali imeneyi, azibambo akwathu sanena kuti ndikuopa.

Poyamba ndinkati ndi mwano wa achipatala. Nditakhala pawodi ndinaona kuti fiyeta yake ndi yomweyo ya amayi amene mwana wakanika kutuluka, ndiponso ya anyamata a kabaza amene athyoka miyendo. Wogonetsa odwala tulo pa opaleshoni akakhala mmodzi, wa heniya ndiye amabwezedwa. M'zipatala za m'maboma opaleshoni zambiri amachita ndi ma clinical officer, madokotala akuluakulu a opaleshoni ali ku Queens, ku Kamuzu Central, ku Zomba ndi ku Mzuzu, ndipo onse otumizidwa amakaunjikana komweko. Magazi nawo amavuta sukulu zikatsekera, chifukwa ambiri amene amapereka ku MBTS, bungwe lotolera magazi, ndi ana asukulu. Kumvetsa zimenezi sikunandibwezere ndalama za thiransipoti, koma ndinasiya kukangana ndi anamwino.

Tsono ichi ndiye muchigwiritse. Chotupacho chikalimba, chikamapweteka kwambiri, chikakana kubwerera mkati, bambo akayamba kusanza kapena kusiya kuchita chimbudzi ndi kutulutsa mpweya, musayang'ane tsiku lolembedwa m'buku lawo la kuchipatala. Ndiye kuti matumbo apanika, ndipo magazi akasiya kufikako amafa m'maola ochepa. Kaya ndi pakati pausiku, pezani galimoto. Musawapatse chakudya, musalimbane n'kuchikankha mwamphamvu, ndipo za mankhwala azitsamba otsuka m'mimba muiwale.

Podikirapo, aziyezetsa BP ndi shuga pachipatala chapafupi, chifukwa ambiri amabwezedwa pa tsiku lenilenilo kaamba ka BP yokwera, mwina chifukwa cha nkhawa yomweyo. Ngati amasuta asiye, chifuwa chisakhalitse osachiza, adye masamba ndi zipatso kuti asamadzimbidwe, matumba a chimanga awasiyire ena. Koma asangogona, aziyendako pang'ono kuti thupi lisafooke.

Mukapita ku kiliniki musangoti tabwera kudzamva za tsiku. Nenani zomwe zasintha: chakula bwanji, akulephera kuchita chiyani, ndipo pemphani kuti zilembedwe m'buku. Ngati akungokuzunguzani, funsani ofesi ya ombudsman, wolandira madandaulo a odwala pachipatalapo. Funsaninso mtengo ku zipatala za mishoni za CHAM monga Nkhoma, Malamulo, St Luke's kapena Ekwendeni. Ife titawerengera za maulendo, aganyu ndi mbuzi ziwiri zomwe tinagulitsa, tinapeza kuti ndalama ya kumishoni tinali titaidya kale panjira.

Malume anawachita pa ulendo wachitatu, ndipo patatha masiku awiri tinatuluka. Njinga ija anaitsitsa okha, ngakhale azakhali mpaka lero sawalola kunyamulirapo thumba.