Ndikawedze nthawi yanji mu Lilongwe muno?

Funso: Akulu, ndimakhala ku Kawale, ndagula mbedza koma ndikapita kumtsinje wa Lilongwe masana ndimangobwerako chimanjamanja. Ndikulakwitsa pati? Wowerenga, Lilongwe

Yankho: Achimwene, vuto ndi masanawo. Dzuwa likaswa mtengo nsomba zimathawira pansi, ndiye lawirirani cha m'ma 5 koloko m'mawa kapena mupite dzuwa likupendeka. Juni ndi Julayi madzi amazizira, makumba sadya kwenikweni, koma kukayamba kutentha cha mu Okutobala zimasintha, ndipo mvula yoyamba ikagwa madzi n'kuda pamenepo mlamba umachita kulimbirana nyambo makamaka chakumadzulo.

Nyambo musavutike, nyongolotsi zokumba kudimba ndi ngumbi zimagwira bwino. Mlamba umadyera pansi ndiye mangani kamwala pachingwe, muponye pamene madzi adikha pafupi ndi bango, osati pamkokomo.

Koma chonde pafupi ndi msika wa mtauni ayi, madzi ake ndi oipa heve, zinyalala zokhazokha, nsomba zake musadyetse ana. Pitani kumtunda cha ku Malingunde, ndipo ku Kamuzu Dam yambani mwapempha chilolezo kwa a Water Board. Musamalowe m'madzi, likodzo ndi ng'ona sizicheza.