Funsani Azakhali: Ndipite ku São Paulo?

Azakhali,

Ndine mtsikana wa zaka 24, ndimakhala ku Chilomoni ndipo ndimagulitsa zovala mu Limbe. Mpingo wathu wandisankha kukakhala nawo pa msonkhano wa achinyamata ku São Paulo, m'dziko la Brazil, kwa masabata awiri mu Julayi. Chibadwire, kutali komwe ndinafikako ndi ku Tete. Mayi tulo sakutiona, akuti kumeneko anthu amaphana dzuwa likuswa mtengo. Ndalama ya tikiti yaperewera, koma bambo wina wodziwana ndi alamu anga wati andionjezera, bola pobwera ndidzamutengereko kachikwama ka nsapato kwa mnzake. Ndipite?

Wamantha, Chilomoni

Mwanangu,

Pita, koma ndalama ya bamboyo usaikhudze ngakhale ndi chala. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere. Munthu wofuna nsapato amazitumiza kudzera ku makampani onyamula katundu, salipirira ndege mwana wa eni. Mankhwala a cocaine amachokera ku Bolivia, Peru ndi Colombia, nadutsa ku Brazil popita ku Africa ndi ku Ulaya, ndipo amawasokerera m'zidendene za nsapato kapena m'nsalu ya m'kati mwa sutikesi. Apolisi a pabwalo la ndege la Guarulhos, pomwe ukatere, ntchito yawo ya tsiku ndi tsiku ndi imeneyo. Lamulo la Brazil la mu 2006 limapereka zaka 5 mpaka 15 kwa wozembetsa mankhwalawa, ndipo zimawonjezereka ngati amatuluka nawo m'dziko. Ukadzati "sindimadziwa", bamboyo foni yake idzakhala itazima. Alamu akowo uwauze kuti Azakhali akana. Yoperewerayo ukaipemphe kumpingo komwe kwakutuma, kapena kubanki mkhonde.

Tsono za mzindawo. Ine ndinapitako mu 2016, ndipo chinandiopsa si mfuti ayi, koma kukula kwake. Mumzinda mokha muli anthu oposa 11 miliyoni, ukaphatikiza matauni ozungulira amapitirira 20 miliyoni. Kalembera wa 2018 anapeza kuti Malawi yense tinalipo 17.5 miliyoni, Blantyre 800,000. Kuno ukasochera umakweza maso, n'kuona phiri la Ndirande kapena la Soche, basi wadziwa kolowera. Kumeneko ukakweza maso umangoona nyumba zosanja mpaka komwe diso lalekezera. Tsiku langa lachiwiri ndinatulukira khomo lolakwika pa siteshoni ya Sé, pomwe pamakumana sitima za pansi panthaka, ndipo ndinazungulira ola lathunthu, misozi ili chapafupi. Anandipulumutsa ndi mayi wogulitsa chimanga chophika, yemwe anandigwira dzanja mpaka pakhomo loyenera. Sitinamvane liwu n'limodzi lomwe.

Apa ndiye pagona nkhani: Chingerezi chako cha MSCE kumeneko n'chamanyazi. Amayankhula Chipwitikizi. Mwayi wako ndi woti unafikako ku Tete, ndiye "bom dia" ndi "obrigada" si zachilendo. Onjezerapo "quanto custa", kufunsa mtengo, ndipo keyala ya komwe ukagone uilembe papepala, osati m'foni mokha. Foni ndi imene amalanda. Anyamata a panjinga amaitsomphola uli mkati moyankhula, mofanana ndi zomwe umaziona kudepoti madzulo. Ukafuna kuimba, lowa m'sitolo. Akakuopseza, pereka, usalimbane nawo. Usiku usayende wekha pakati pa tauni. Mayi akowo sakunama kwenikweni, angowonjezera mchere.

Viza ukafunsire ku ofesi ya kazembe wa Brazil ku Lilongwe nthawi ikadalipo, uli ndi kalata ya okuitana. Kabayitse katemera wa yellow fever masiku 10 usananyamuke, chifukwa pobwerera kadi yachikasuyo adzakufunsa. Kuchoka pa Chileka udutsira ku Johannesburg kapena ku Addis Ababa. Ndipo tenga juzi! Anthu akamva Brazil amaganiza za dzuwa ndi mchenga, koma São Paulo ali pamtunda, ndipo Julayi wake ndi wozizira ngati wathu. Kumagwa kamvula kowaza komwe eni ake amati garoa. Ine nditakaona ndinaseka ndekha: chiperoni chandilondola mpaka kuno.

Njala sukagona nayo. Chakudya cha tsiku ndi tsiku ndi mpunga wa nyemba, ndipo ukaitanitsa prato feito amakupatsa mbale yodzaza pa mtengo wabwino. Pambali amaika farofa, ufa wa chinangwa wokazinga. Chinangwa chomwe timadya ifechi kwawo ndi komweko, anabwera nacho ku Africa ndi Apwitikizi. Ukaipukwa nsima, funsa angu kapena polenta, ngakhale kuti kwa ine ndi phala lomwe lasowa womaliza kuphika.

Poti ndiwe wa geni ya zovala, usabwerere osaponda ku Brás ndi mumsewu wa 25 de Março, komwe amaoda katundu wa pikulitsa. Ukaone momwe amayalira malonda, ugule zako zochepa ndi ndalama yako, ulongedze ndi manja ako. Lamulungu mukatuluka m'tchalitchi pitani ku Avenida Paulista, msewu womwe tsikulo amatsekera magalimoto kuti anthu aziyenda, kuimba ndi kuvina.

Koma malo omwe sindiwaiwala ndi Museu Afro Brasil, m'paki ya Ibirapuera. Brazil inathetsa ukapolo mochedwa, mu 1888, ndipo ena mwa akapolowo anakwezedwa zombo ku Quelimane ndi ku Ilha de Moçambique, madoko a ku Mozambique, oyandikana nafe omwewa. Ndinaima nthawi yaitali pa zithunzi zakale za amayi omanga duku, nkhope zawo ngati za azimayi a mumsika wa Ndirande. Upiteko wosathamanga.

Mayi uwagulire bandulo ya WhatsApp usananyamuke, ndipo mugwirizane nthawi. São Paulo ali m'mbuyo ndi maola 5, ndiye ikamakwana 8 koloko usiku ku Chilomoni, iwe uli pa 3 koloko masana. Uziwaimbira nthawi imeneyo, aone kuti kunja kukuwala ndipo wavala juzi.

Azakhali