Maungu Anga Akuyoyola Maluwa

Funso: Ndinabzala maungu m'dimba kuno ku Likuni. Maluwa akuchuluka, koma akungoyoyoka, ndipo tiana ta maungu tikufota tisanakule. Vuto n'chiyani?

Yankho: Bambo, si maluwa onse amene amabereka. Dzungu limatulutsa duwa lalimuna ndi lalikazi pa mtsitsi umodzi womwewo. Lalimuna lili ndi kaphesi kowonda, ndipo ndilo limayamba kutuluka. Kuyoyoka kwake n'kwachibadwa. Lalikazi mudzalidziwa ndi kadzungu kotupa kunsi kwake. Kadzunguko kamakula pokhapokha mungu wa duwa lalimuna utafika pakati pa lalikazi, ntchito yomwe njuchi zimagwira. Zikasowa, kamasanduka kachikasu n'kugwa.

Duwa limatseguka m'mawa umodzi wokha, pofika masana lafota. Choncho kuti mugwire nokha ntchito ya njuchiyi, lawirani, 9 koloko isanakwane. Thyolani lalimuna, chotsani timasamba take tachikasu, kenaka pakani kamutu ka mungu pakati pa lalikazi mofatsa. Limodzi limakwanira maluwa aakazi awiri kapena atatu.

Mankhwala ophera tizilombo muzipopera madzulo, njuchi zitapita. Feteleza wa Urea musachulutse, apo ayi mudzangokolola nkhwani basi.